Kodi Mayi Anali Ndani Asanawoloke Malire?

Pa maliro a mayi anga, amene anaimirira kuti afotokoze mbiri yawo sanathe ngakhale mphindi 5. Anatchula chaka chimene anabadwa, chaka chimene anasamukira m'dziko limene ife tinakulira, chiwerengero cha ana ndi zidzukulu, kenako ananena mawu amene aliyense ankawayembekezera: "Malemuwa anali mayi wodzipereka pa banja lawo." Anthu anagwedeza mitu kuvomereza. Nanenso ndinagwedeza, pakuti zinali zoona, komanso pepala limene ankawerengalo ndinalemba ndine.

Patapita milungu itatu, tikulongedza katundu wawo, tinapeza envulopu pansi penipeni pa sutikesi, itakulungidwa m'mapepala apulasitiki awiri kuti isanyowe. M'kati mwake munali satifiketi ya uphunzitsi. Ndinkadziwa mwapatalipatali kuti "anagwirako kusukulu" asanachoke kwawo, koma sindinafunsepo kuti ankagwira ntchito yanji. Ine ndinawadziwa akukolopa m'maofesi usiku ndi kusita zovala za anthu ena masana, moti m'mutu mwanga ndinangoganiza kuti nakusukuluko ankasesa. Chonsecho anaima kutsogolo kwa kalasi zaka 6, choko chili m'manja.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikulimbana ndi mawu akuti "wodzipereka". Sindikuwatsutsa ayi. Vuto langa ndi lakuti amafotokoza zimene mayi anatichitira ifeyo, munthu mwini wake n'kutsala panja. Ndi mmene khanda limadziwira mayi ake: bere, msana ndi dzanja lolisisita. Khanda palibe angaliimbe mlandu. Koma munthu wazaka 40 akamalemba mbiri ya mayi ake n'kupezeka kuti akudziwa zomwezo basi, penapake palakwika.

Wina anganene kuti izi zimachitikira mayi aliyense, wobwera ndi wosabwera yemwe. N'zoona, koma pali kusiyana kwakukulu. Mayi amene anabadwira, kukulira ndi kumwalira m'dera limodzi amasiya mboni zambirimbiri. Pa maliro ake pamakhala mnzake amene ankakhala naye desiki imodzi, mlongo wake amene amakumbukira mwano wake ali mtsikana, mnansi amene anamuona akukwatiwa. Ana akaiwala, anthu amenewa amakumbutsa. Mayi wochokera kudziko lina mboni zake zonse zinatsala kutsidya. Amene amuzungulira pa tsiku lomaliza anamudziwa atakhala kale "mayi a uje", atavula kale dzina lake, ntchito yake ndi theka la mawu ake. Ngati ana ake sanafunse, ndiye kuti m'dziko lonselo mulibe amene akudziwa. Ifeyo ndiye nkhokwe yokhayo ya mbiri yake, ndipo ambirife nkhokweyo ili mbee.

Pali nkhani ina yoona imene imandikhudza kwambiri pa mfundo imeneyi. Pa 1 January 1892, boma la America linatsegula malo olandirira anthu obwera pa chilumba cha Ellis, pafupi ndi New York. Munthu woyamba kulembedwa m'kaundula anali mtsikana wa ku Ireland, Annie Moore, wazaka 17, yemwe anayenda panyanja ndi alongo ake aang'ono awiri kutsatira makolo awo. Pofika mu 1954, pamene malowo ankatsekedwa, anthu pafupifupi 12 miliyoni anali atadutsa pakhomo lomwelo. Annie anasanduka chizindikiro cha onsewo. Anamuumbira ziboliboli ziwiri, china pa Ellis pomwepo, china pa doko la Cobh ku Ireland kumene anakwerera sitima. Koma kwa zaka zambiri, nkhani imene anthu ankafotokoza ya moyo wake inali ya mayi wina wa dzina lomwelo amene anamwalira ku Texas. Mpaka mu 2006 m'pamene katswiri wofufuza mibadwo ya makolo, Megan Smolenyak, pamodzi ndi anzake anapeza Annie weniweni. Sanapite kutali. Anakhala moyo wake wonse m'dera la anthu osauka la Lower East Side mu New York momwemo, anabereka ana osachepera 10 ndipo asanu okha ndi amene anakula. Anamwalira mu 1924 ali ndi zaka 50, n'kuikidwa m'manda opanda chiliza ku Calvary Cemetery. Chiliza anadzamuikira mu 2008.

Taganizirani bwino. Dziko linakumbukira tsiku limodzi la mtsikana akutsika sitima, mpaka kuliumba ndi chitsulo. Zaka 32 zimene mayiyo anakhala akulera ana ndi kuika ena m'manda, palibe anazisunga, moti munthu wina analowa m'malo mwake popanda woona kusiyana. Ndimaona kuti m'mabanja mwathu timachita zofanana. Timakonda nkhani ya kufika: anabwera ndi chikwama chimodzi, m'thumba mulibe kanthu, mwana ali kumbuyo. Timakondanso nkhani ya mapeto: taonani ana ake lero. Zapakatipo, zimene ndiye moyo wake weniweni, timazikulunga m'liwu limodzi lija.

Liwu limenelo lilinso ndi vuto lina. Limachititsa kuti thukuta la mayi lioneke ngati mvula, chinthu chongogwa chokha chifukwa nyengo yake yakwana. Palibe amene amafunsa mvula kuti yalipidwa zingati kapena yagona maola angati. Koma zimene amayi amenewa amachita ndi ntchito, ndipo ili ndi owalemba, malipiro ndi malamulo, kapena kusowa kwa malamulo. Bungwe la United Nations linawerengera kuti mu 2020 anthu 281 miliyoni ankakhala kunja kwa mayiko amene anabadwira, ndipo 48 mwa 100 alionse anali akazi. Bungwe loona za ntchito la ILO linapeza mu 2015 kuti anthu 11.5 miliyoni ogwira ntchito zapakhomo anali ochokera kumayiko ena, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse anali akazi. Pangano la mayiko lonena kuti wantchito wapakhomo ndi wantchito ngati wina aliyense, woyenera tsiku lopuma ndi malipiro omveka, linavomerezedwa mu June 2011. Ndi dzulodzuloli. Amayi ambiri amene tikuwaika m'manda masiku ano anagwira ntchito zaka zawo zonse zamphamvu pangano limenelo kulibe, ndipo mpaka lero mayiko ambiri sanalisayinire. Tikamati msana wa mayi unapindika chifukwa cha chikondi, tizikumbukira kuti unapindikanso chifukwa panali wina amene ankapeza phindu powagwiritsa ntchito maola 14 osapuma. Chikondicho tiyamike. Koma tikangotchula chikondi chokha, winayo tamukhululukira asanapepese n'komwe.

Palinso mayi wina amene mawu akuti "wodzipereka" samufikira msanga: amene anachoka yekha, ana n'kuwasiya m'manja mwa agogo kapena mchemwali wake. Bambo akachita zimenezi amati wapita kukasaka. Mayi akachita amati wataya ana. Ndakhalapo ndi anzanga amene anakula chomwechi, ndipo bala lawo sindingalipeputse. Mwana wazaka 7 sadya mawu a pafoni, amafuna munthu woti amufunditse usiku. Koma tiyeni tione mbali inayo. Mayi ameneyu tsiku lililonse amasambitsa mwana wa eni, kumudyetsa, kumuimbira kuti agone, pamene wake akudwala kutali. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Arlie Hochschild anachitcha chinthu chimenechi unyolo wa chisamaliro: mayi wa m'dziko lolemera amapita kuntchito chifukwa mayi wa m'dziko losauka akumulerera ana, ndipo uyunso ana ake akuleredwa ndi wina wosaukitsitsa kapena ndi mwana wake wamkazi wamkulu amene wasiyira sukulu panjira. World Bank inati mu 2023 ndalama zimene anthu okhala kunja anatumiza kumayiko osauka ndi opeza pang'ono zinafika madola 656 biliyoni, kuposa thandizo lonse limene maboma olemera amapereka. Ndalama zimenezi sizipita mwa mabiliyoni. Zimapita pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, kuchokera m'manja mwa munthu amene wadzimana nsapato, ndipo pa madola 200 alionse makampani otumiza amadulapo pafupifupi 6 pa 100. Mayi wotere akamwalira, mbiri yake imavuta kulemba chifukwa anawo ali ndi chiyamiko ndi mkwiyo pamodzi. Ine ndimati zonse ziwiri zilembedwe. Kubisa chimodzi n'kumunamizira.

Tsopano ndiyankhe mawu amene mchemwali wanga anandiuza nditamufotokozera maganizo amenewa. Anati: "Iwe ukufuna kuwasandutsa munthu womvetsa chisoni. Mayi sankadandaula. Ankanena okha kuti chuma chawo ndife." Sananame. Ndinawamvapo akunena zimenezo kambirimbiri, nkhope ili ngwee, ndipo sindikukhulupirira kuti ankanamizira. Kulera ana m'dziko la eni mpaka onse aime paokha ndi ntchito yaikulu imene munthu angainyadire moyo wake wonse, ndipo ine ndilibe ufulu wowalanda kunyadako n'kuwaveka chisoni chimene sanachipemphe. Pali ana ophunzira amene amayang'ana moyo wa mayi awo ngati moyo wotayika chifukwa sunali ngati wawo. Amenewo sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono.

Koma envulopu ija anaikulunga m'mapulasitiki awiri. Anasamuka nayo nyumba zinayi. Anataya zinthu zambiri m'zaka zimenezo, koma satifiketi imene sinawapezerepo ntchito ngakhale tsiku limodzi kutsidya kuno sanaitaye. Munthu amene waiwala sachita zimenezo. Mayi ankanyadira ife, ndipo ankasunganso mphunzitsi uja pansi pa sutikesi. Mtima wa munthu ndi waukulu mokwanira kusunga zonse ziwiri. Mbiri imene ine ndinalemba ndiyo inali yopapatiza.

Ndipo pali chifukwa china chimene ndimaumirira pa mfundoyi, chokhudza amoyo. Mbiri ya pa maliro imamvedwa ndi atsikana amene akhala pamenepo. Akamva chaka ndi chaka kuti mayi wabwino ndi amene sanadandaulepo, sanapumepo, sanafunepo kanthu kake, amanyamula muyezo umenewo n'kumadziyeza nawo. Tsiku limene adzatope adzadziona ngati olephera. Ndikanakonda mwana wanga wamkazi akanamva kuti agogo ake anali mphunzitsi amene dziko lachilendo linakana mapepala ake, anakwiya, analira, kenako anatenga chokolopera chifukwa ana ankafunika kudya. Nkhani imeneyo ingamulimbitse kuposa ya munthu wosatopa amene sanakhaleko.

Za mapepala ndiyenera kunenapo, chifukwa mwana aliyense wa mayi wobwera amadziwa chikwama chija chimene sichikhudzidwa: mapasipoti akale, mapemiti otha ntchito, malisiti a lendi a zaka 20 zapitazo. Tili ana tinkadabwa nacho. Zimene zinachitika ku Britain zinaonetsa kuti amayiwo ankadziwa chimene ankachita. Kuyambira mu 1948, pamene sitima ya Empire Windrush inafika pa doko la Tilbury, anthu ambiri a kuzilumba za Caribbean anapita kukagwira ntchito m'dzikolo, akazi ambiri n'kukhala anamwino m'zipatala za boma. Anapita movomerezeka. Koma mu 2010 ofesi yoona za anthu olowa m'dzikolo inawononga makadi akale osonyeza tsiku limene anthuwa anafika, ndipo malamulo atakhwima, anthu amene anakhala m'dzikolo zaka 50 anauzidwa kuti apereke umboni wakuti ali ndi ufulu wokhalamo. Paulette Wilson anachoka ku Jamaica mu 1968 ali mwana. Anakulira ku Britain, anagwira ntchito yophika, nthawi ina mpaka ku nyumba ya malamulo, analera mwana, anaona mdzukulu. Mu 2017 anamutsekera ku Yarl's Wood, malo osungirako anthu oyembekezera kuthamangitsidwa m'dziko. Anapulumuka kukwezedwa ndege chifukwa mwana wake ndi anthu ena anamumenyera nkhondo, ndipo kulimba mtima kwake pofotokozera atolankhani kunathandiza kuti nkhani yonse iphulike mu 2018, nduna yoona za m'dziko mpaka kutula pansi udindo. Anamwalira mu 2020. Mayi wobwera amakhala akudziwa kuti tsiku lina munthu wa pa desiki angamuuze kuti moyo wake wonse sunalembedwe paliponse. Mantha amenewo ndi mbali ya mbiri yake, ndipo sindinamvepo akutchulidwa pa maliro.

Chimene chimandipweteka koposa ndi nkhani ya chilankhulo. Ndili ndi zaka 9 ndinayamba kuwamasulira mayi kuchipatala, kusukulu ndi kwa eni nyumba. Mwana amagwira chilankhulo chatsopano ngati masewera, wamkulu amachikoka ngati mtolo. Choncho zinthu zinatembenuka: ine ndinkalankhula, iwo ataima pambali akuyang'ana pakamwa panga. Dokotala ankafunsa za m'thupi mwawo, zinthu zimene mwana sayenera kumva, ndipo ankayankha motsitsa mawu, maso ali pansi. Tsiku lina, ndili ndi zaka 12, ndinawauza pa geti la sukulu kuti, "Amayi, musamalankhule anzanga akakhala pafupi." Sanandikalipire. Anangoti, "Chabwino, mwana wanga." Ndipo anasungadi pangano limenelo mpaka ndinamaliza sukulu. Sindinapepese. Nthawi inalipo yambiri, zaka zoposa 30, koma ndinkaona ngati anaiwala, ndipo kukumbutsa kukanangodzutsa zogona.

Pa pepala la maliro lija ndinalembanso kuti anali munthu wofatsa, wosachulutsa mawu. Anansi onse anavomereza. Akatswiri a zilankhulo anaona kalekale mmene zimayendera m'mabanja obwera: makolo amalankhula chakwawo, ana amalankhula ziwiri, zidzukulu zimatsala ndi chatsopano chokha. Kwathu zinayenda chimodzimodzi. Ana anga ankawakonda agogo awo, koma kucheza kwawo kunkathera pa moni ndi kufunsana za thanzi. Munthu akamalankhula chilankhulo chimene sanayamwire, nthabwala zake ndi zimene zimayamba kufa, kenako miyambi, kenako mkangano. Chimatsala ndi "inde", "zikomo" ndi kumwetulira. Ife tinaona zotsalazo n'kuzitcha khalidwe lawo.

Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Kale ndinkamva mwambiwu ngati wonena za mayi wosauka kapena wolumala. Masiku ano ndimaumva ukunenanso za mayi amene wachepetsedwa ndi malire a dziko: wamkulu kwawo, wamng'ono pa desiki ya ofesi, wosowa mawu pamaso pa mwana wake yemwe.

Ndikudziwa kuti ena mwa amayiwa safuna kufunsidwa. Amene anathawa nkhondo kapena nkhanza za m'banja ali ndi zitseko zimene anatseka dala, ndipo mwana alibe ufulu wozithyola kuti apeze nkhani yabwino yokafotokoza. Kukhala chete kwa mtundu umenewo n'koyenera kukulemekeza. Koma tisabisale kumbuyo kwake. Ambirife sitinakanizidwe, sitinafunse basi. Tinkabwera kudzadya, kudzasiya ana, kudzadandaula za kuntchito, ndipo mayi ankamvetsera. Mafunso ake ndi osavuta n'komwe. Munkafuna kudzakhala ndani muli mtsikana? Mnzanu wapamtima anali ndani, ndipo munatsanzikana bwanji? Usiku woyamba kuno munagona kuti? Ndani anakuchitirani chifundo, ndani anakunyozani? Munaganizapo zobwerera? Masiku ano foni iliyonse imajambula mawu. Amene mayi ake ali moyo angathe kuyamba madzulo ano, ndipo awalole ayankhe m'chilankhulo chawo, ngakhale iye asamve zonse. Womasulira adzapezeka m'tsogolo. Mawuwo akapita ndiye apita.

Ine ndinachedwa, choncho ndinatsala ndi njira imodzi. Mayi anga aang'ono akadali moyo kwawo kuja, ndi okalamba ndipo makutu ayamba kuvuta. Ndinawaimbira foni mwezi watha. Chilankhulo chawo ndimachilankhula mopunduka ngati mmene mayi ankalankhulira cha kuno, moti ndinamva ndekha manyazi aja ndinkawachititsa. Ndinati, "Amayi, ndiuzeni za akulu anu. Anali wotani asanabwere kuno?"

Anaseka nthawi yaitali, mpaka kutsokomola. Anati akulu awo anali wolongolola wa m'banja lonse, woti akayamba nkhani anthu ankaiwala kuti pamoto pali mphika. Anati ankaimba, ankatengera mayendedwe a ahedi awo mpaka aphunzitsi anzawo kugwa ndi phwete, ndipo nthawi ina anakangana ndi woyendera sukulu pamaso pa ana chifukwa anamenya mwana wamasiye amene analibe yunifolomu. Anati mpaka lero kuli azibambo a imvi amene amati akakumana nawo amafunsa kuti, "Kodi aphunzitsi athu aja ali bwanji kunjako?"

Ndinawauza kuti ife kuno tinkawadziwa ngati munthu wofatsa, wosalankhulalankhula. Kumbali inayo kunakhala zii kwa kanthawi, moti ndinaganiza kuti foni yaduka. Kenako anafunsa kuti, "Mwana wanga, ukunena za mchemwali wanga yemweyu?"